Kabampala m'Kapu ya Kadontho

Ine ndine mayi wowerenga masitepe. Kuchokera pansi kukafika pakhomo pathu alipo khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo lachisanu ndi chinayi ndi lobenthuka m'mphepete. Mpeni ndimaika pamwamba pa kabati, machesi m'chitini chotseka, mapiritsi m'thumba la jekete la malemu amuna anga. Chilichonse chagalasi ndinachotsa m'nyumba mwana wanga Kadontho atangoyamba kukwawa. Chimwalirireni bambo ake zaka ziwiri zapitazo, sinditha kugona ndisanaike dzanja pachifuwa pake kuti ndimve ngati akupuma.

Apongozi anga ankazidziwa zonsezi, koma sizinawafewetse mtima. Maliro atangotha anandiuza maso ndi maso:

"Mukadzabweretsa mwamuna wina pafupi ndi mdzukulu wanga, n'kumuchitikira kanthu, ngakhale kachilonda ka pachala, ndidzamutenga. Njira ya kukhoti ndikuidziwa."

Sichinali chisoni chokha chimene chinkalankhula. Mwana wawo wamkulu amagwira ntchito kwa maloya.

Mwamunayo anapezekadi. Anthu amamutcha Wamawotchi, poti ndiyo ntchito yake, ndipo tinadziwana nditapititsa wotchi ya malemu itaima. Ndi munthu wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Akaweruka amamanga tigalimoto ta pulasitiki, tija timabwera m'bokosi tili zidutswazidutswa. Apongozi atamva mphekesera anangokweza mphuno. "Bambo wa zidole uja?"

* * *

Lamlungu masana, Kadontho ali kwa agogo ake, ndinapita kuchipinda kwa Wamawotchi. Loweruka lotsatira mwanayo ankakwanitsa zaka zinayi, ndipo patebulo panali mphatso yake: lole yotalika ngati mkono wanga, yofiira, yofanana ndi imene bambo ake ankayendetsa. Kunkhope kwa loleyo kokha ndiko kunali kusanathe. Zidutswa zake zinali pambali, zikuwala ngati ndolo za mkwatibwi.

Wamawotchi anatsegula zenera, anavala magulovesi, n'kutsitsa botolo lagalasi pamwamba pa shelefu. Pabotolopo anali atamatapo pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu: OSAMWA.

"Muli chiyani?"

"Mankhwala oyeretsera zovala, omwe aja mumaviikira zoyera. Taonani."

Anaponyamo kagalasi ka m'mbali mwa lole. Poyamba panalibe chochitika. Kenako kuwala kuja kunayamba kuchoka m'mphepete, pang'onopang'ono, ngati shuga akamasungunuka. Pomatha mphindi khumi kanali kapulasitiki wamba, kotuwa ngati fupa. Anakatola ndi kopanira, n'kukapukuta ndi mswachi wakale pansi pa mpopi.

"Mwawononga chinthu chokongola," ndinatero.

"Kukongola kumeneko n'kwa m'sitolo. Amati kuromu. Guluu sagwirapo, penti amangotsetsereka. Komanso yang'anani chithunzi munandibwereka chija. Lole ya bambo ake inkawala chonchi?"

Pachithunzipo malemu anali atatsamira bampala yafumbi, yopindika chakumanzere.

"Apa anagunda chipata cha chipatala," ndinatero. "Tsiku limene Kadontho ankabadwa. Anaiwala kuti lole ili ndi mabuleki."

"Ndiye ndidzapinda pomwepo. Ndi supuni yotentha."

Ndinatembenukira kuzenera kuti asaone nkhope yanga. Ndi mwamuna uti amatha milungu itatu akumanga lole ya mwamuna mnzake?

"Tsiku lina mudzandiviika inenso," ndinatero, "muone ngati ndili wotuwa m'kati."

"Inu simungakhale phee mphindi khumi. Mungamagogode botolo n'kumafunsa ngati chivindikiro chatsekeka bwino."

Ndinamumenya ndi kansalu kopukutira. Anaseka, kenako anatseka botolo n'kulibwezera pamwamba.

"Malamulo ndi atatu," anatero. "Botolo lagalasi, lolembedwa, ndiponso pamwamba. Lachinayi ndi lanu: izi sizichitikira kwanu. Kwanu kuli mwana."

"Mukuuza ine?"

"Ndikudziwa, amake Kadontho. Ndangonena."

Atapita kukasamba m'manja, maso anga anagwera pa kabampala ka lole yofiira ija. Kanali kasanaviikidwe, kakuwala pakati pa tizidutswa tina. Pa lole yonseyo panalibe chimene dzanja langa linakhudza. Ndinkafuna kuti Loweruka ndidzathe kuuza mwana wanga kuti, aka ndinakonza ndine. Ndinakaponya m'chikwama.

* * *

Pansi pa nyumba yathu yosanja, moyang'anana ndi masitepe, pali saluni. Mwini wake timangomutcha Wasaluni, ndipo palibe wokwera kapena wotsika amene iye samuona. Ine ndisanadziwane ndi Wamawotchi, mayi ameneyu anali atamupititsira kale wotchi yake katatu, wotchi yoyenda bwinobwino.

Lachiwiri masana ndinapeza kuti mankhwala anga oyeretsera atha. Kadontho anali atagona, ndipo kusitolo kunali kutali kuti ndimusiye yekha. Ndinatsika masitepe chothamanga.

"Asisi, mundigawireko mankhwala aja mumaviikira matawulo."

"Ha! Lero kwagwanji, amake Kadontho kutsika opanda mchira wawo?" Anaseka. "Tiyeni ndikunyamulireni, botololi n'lolemera."

Silinali lolemera. Koma wopempha sasankha mayendedwe, ndiye tinakwera tonse.

Kukhitchini ndinatsegula kabati n'kuima njo. Botolo lagalasi ndikanalitenga kuti, ine amene ndinataya ngakhale la jamu poopa kuti lingasweke n'kumucheka mwana? Mbale zanga zonse n'zapulasitiki wa mitundu, zosaonekera m'kati. Chinthu chokhacho choonekera, chimene ndikanatha kuyang'aniramo kuwala kukuchoka, chinali kapu ya Kadontho, ija ya zogwirira ziwiri.

"Kapu ya mwana, asisi?" anafunsa Wasaluni.

"Mphindi khumi zokha. Ndikatha ndiitaya, ndimupezera ina."

Ndinathira mpaka theka, n'kuponyamo kabampala. Kuwala kutayamba kusungunuka Wasaluni anawomba m'manja.

"Iii, matsenga enieni! Imani ndijambule." Anatulutsa foni. "Anakuphunzitsani ndi abwana aja eti? Manja ofewa aja amatha zambiri."

"Tsitsani mawu, mwana wagona."

"Akudziwa kuti mwawabera kachitsulo kawo?"

"Sakudziwa. Ndikufuna ndiwadzidzimutse."

"Chikondi chake chimenecho," anatero, maso ali pafoni. "Ena tinangopatsidwa batire la wotchi."

Wina anamuitana pansi, ndipo anatsika ndi botolo lake. Ine ndinakankhira kapu kukhoma, kuseri kwa mpopi. Ndinayeza ndi mkono wanga. Dzanja la Kadontho silikanafika pamenepo.

Foni yanga inalira. Apongozi. Ndinatulukira pakhonde n'kubweza chitseko kuti mawu asamudzutse mwana.

"Ndamva kuti Loweruka kukubwera alendo."

"Anzake a kusukulu yamkaka, amayi."

"Anzake a ndevu?"

"Amayi..."

"Musandiyankhe ndisanamalize. Mwana wanga sanathe n'zaka zitatu zomwe m'manda, inu mwayamba kale kuitana anthu odzadya pa mbale zake."

Anapitiriza. Ine ndinkangoti inde amayi, ayi amayi, ndikuyang'ana pansi. Pambuyo pake foni inasonyeza kuti tinalankhula mphindi zisanu ndi imodzi. Sindinamve kampando kakukokedwa. Ine amene ndimamva mwana akangotembenuka m'tulo, sindinamve. Chimene ndinamva ndi chifuwa.

Anali ataima pakampando, kapu ili m'manja onse awiri monga ndinamuphunzitsira, dovu likutsika pachibwano.

"Amama, madzi akuwawa."

Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani. Ndikumbuka kuti ndinamutsuka m'kamwa ndi dzanja langa, ndinamumwetsa madzi, ndinakhuthula kapu n'kuiponya m'jumbo kuti madokotala akaone. Foni inali pansi, apongozi akufuulabe m'menemo: "Chachitika n'chiyani? Chachitika n'chiyani kwa mwana?"

Masitepe aja ndinatsika osawerenga.

* * *

Kadontho anasanza kamodzi m'takisi. Ine ndinaimbira Wamawotchi, ndipo pamene tinkafika kuchipatala iye anali kale pachipata, kagalasi kake koonera mawotchi kali pamphumi, ataiwala kukavula.

Dokotala anamuunika mwana kukhosi ndi tochi kwa nthawi yaitali.

"Mwayi wake wangomeza pang'ono, zambiri walavula. Kukhosi kwafiira. Agone kuno timuone mpaka mawa."

Ndinakhala pa bedi, mwana ali pachifuwa, fungo la mankhwala lili m'tsitsi mwake.

Apongozi analowa ngati mphepo ya mvula, nsapato imodzi yosamanga. Sanandiyang'ane. Anagwira mdzukulu wawo kumaso, m'manja, kumapazi. Kwa kanthawi ndinaona mayi wokalamba amene anaika kale mwana mmodzi m'manda, ndipo ndinawamvera chisoni. Kenako namwino anabwera ndi pepala.

"Tiyenera kulemba mmene zachitikira. Mankhwala anali m'chiyani?"

Ndinapereka jumbo. Namwino anatulutsa kapu, ndipo m'katimo munagubuduka kabampala, koyera mbee, kopanda kuwala ngakhale pang'ono.

"M'kapu yake yomwera?" anafunsa namwino. "Anathiramo ndani?"

Apongozi anatola kabampala ndi zala ziwiri ngati atola mphemvu.

"Kachidole aka n'kandani?"

Wamawotchi anakayang'ana, kenako anayang'ana ine. Ndinaona nkhope yake ikumvetsa zonse nthawi imodzi. Ndinatsegula pakamwa. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula.

"N'kanga, amayi," anatero iye. "Ndinathira ndine. Ndinadutsirako masana, mayi ake ali kuchipinda ndi mwana. Ndinasiya kapu kuseri kwa mpopi n'kuiwala kuwauza."

"Amayi? Ndine mayi ako ine?"

"Pepani."

"Pepani adzutsa ndani? Bambo wamkulu, ndevu pepeya, kumasewera ndi zidole mpaka kumwetsa mwana wa eni ake chiphe! Uli ndi mwana iwe? Unayamba waikapo munthu m'manda?"

"Ayi."

"Lembani, anamwino. Lembani zonse, dzina lake, kumene amakhala."

Cholembera chinkayenda papepala. Kadontho anadzutsa mutu. "Ankolo, musalire," anatero ndi mawu osasa. Iye sankalira. Ankangoyang'ana pansi.

Apongozi anatembenukira kwa ine tsopano.

"Inu ndimakudziwani. Muli ndi zolakwa zanu, koma mwana mumamusamala, chimenecho sindingakunamizireni. Mukanakhala kuti mwachita ndinu, bwenzi lero lomwe akugona kwathu. Ndiye mverani. Munthu uyu akadzangopondanso sitepe limodzi la nyumba ija, kapena ndikadzamva kuti mwakumana naye ngakhale pamsika, pepala ili likupita kwa alamu anu. Mwamva?"

Mwana anali wofunda pachifuwa panga. Ndinkamva mtima wake ukugunda.

"Ndamva, amayi."

* * *

Wamawotchi ndinamupeza panja, pafupi ndi mpopi wa odikirira odwala. Ndinali nditanamizira kukatunga madzi.

"Mwanamiranji?"

"Ine alibe choti andilande."

"Dzina lanu lalembedwa."

"Lilembedwe."

"Ndikawauza zoona."

"Mukawauze, ndiye Loweruka mukaimbire mwana wanu nyimbo pa foni." Mawu ake anali otsika ngati masiku onse, koma sindinawazindikire. "Ndinakuuzani kuti osati kwanu. Ndinakuuzani, inu n'kundifunsa kuti mukuuza ine?"

"Ndimafuna kuti pa lolepo pakhale changa."

"Mukanapempha! Ndikanakupatsani magulovesi, mpando, tsiku lonse. Mukanapempha basi." Anavula kagalasi kaja pamphumi n'kukayang'ana ngati sakudziwa kuti kachokera kuti. "Ndinakafunafuna kabampalako mpaka pansi pa bedi. Ndimaganiza kuti ndayamba kukalamba."

"Mukundida?"

"Ndikanakudani bwenzi ndili kunyumba ndikumwa tiyi."

Botolo langa linadzaza n'kuyamba kusefukira. Anatseka mpopi ndi iye.

"Nanga ife?" ndinafunsa.

"Ife tidikire. Mkwiyo wa nkhalamba umatha, bola ukhale pa ine. Musandiimbire. Mukafuna lembani, mukatero fufutani."

Ananyamuka. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Kabampala kaja mwakatsuka ndi madzi ambiri? Mukapanda kutero penti sadzagwira."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunasanduka china chimene ndinachitsekera m'dzanja.

* * *

Anatitulutsa Lachitatu m'mawa. Lachinayi Kadontho anali akudya bwino, akuthamangitsa mpira wake pansi pa tebulo. Kampando kaja ndinakakweza pamwamba pa kabati. Kabampala ndinali nditakatola pa bedi la kuchipatala apongozi atakataya. Ndinakatsuka kasanu n'kukabisa m'thumba la jekete la malemu, pamodzi ndi mapiritsi.

"Amama, kapu yanga ili kuti?"

"Inasweka."

"Ankolo akonza. Ankolo amakonza zonse. Abwera pa befide?"

"Idya kaye."

"Agogo akuti ankolo ndi oipa. Akuti anandipatsa madzi owawa." Anandiyang'ana ndi maso a bambo ake. "Koma ankolo kunalibe."

Supuni inandigwa m'manja.

"Unali m'tulo, Kadontho. Sunaone."

Aka kanali koyamba kumunamiza mwana wanga pa chinthu chachikulu kuposa jakisoni.

Masana foni inanjenjemera. Ndinathamangira poganiza kuti ndi Wamawotchi. Anali Wasaluni.

*Asisi, mwana ali bwanji? Tinada nkhawa tonse kuno.*

*Ali bwino, zikomo.*

*Ndamva kuti abwana avomera mlandu. Amuna otere ndi osowa. Ena amangowaseweretsa.*

Ndisanayankhe, kanema analowa. Ndinatsegula. Khitchini yanga. Manja anga, mphete ya malemu ili pachala, akugwedeza kapu ya zogwirira ziwiri. Kenako mawu anga, omveka bwino ngati a pawailesi: "Sakudziwa. Ndikufuna ndiwadzidzimutse."

Ndinatseka chitseko ndi kiyi, ngati kuti kanemayo akwera masitepe.

*Mukufuna chiyani?*

*Ine? Chilungamo basi. Munthu wosalakwa akuyenda ndi dzina loipa chifukwa cha inu. Dzulo ndinamupititsira chakudya, wachita kuonda.*

*Nenani chimene mukufuna.*

*Mumasuleni. Osati zodikirana mwagwirizana pampopi zija, anthu anakuonani. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti simumufuna, simunamufunepo, asadikire. Likafika Loweruka musanatero, agogo aonera filimu.*

*Asisi, ndi mwana wanga.*

*Ndiye sankhani mwanayo. Ine ndakuphweketserani.*

Ndinakhala pansi, msana uli kuchitseko. Kadontho anabwera n'kukhala pamiyendo panga, akundiluka tsitsi ndi zala zomata. Ndikanena zoona, apongozi amutenga. Ndikakhala chete osamusiya Wamawotchi, kanema anena m'malo mwanga. Ndikamusiya, ndiye kuti munthu amene anasenza mlandu wanga pamaso pa anthu ndimulipire ndi bodza lachiwiri, loposa loyamba.

Foni inanjenjemeranso. Ulendo uno anali iye. Chithunzi: lole yofiira, magalasi ali m'malo, nyali zili m'malo, kunkhope kuli mpata ngati mwana wochoka mano.

*Kwatsala kabampala kokha. Mukapeza njira katumizeni, supuni ndakonza kale. Mwana adye bwino. Fufutani.*

Sindinafufute. Ndinalemba kuti *Tiyenera kulankhulana*, n'kufufuta zimenezo. Ndinalemba kuti *Musandidikire*, chala n'kuuma pamwamba pa foni.

Pansi panamveka kuseka kwa Wasaluni, kuja amasekera kasitomala watsopano. Kenako mawu ena amene ndingawazindikire ngakhale pakati pa msika. Ndinanyamula Kadontho n'kutulukira pakhonde.

Apongozi anga, amene chiyambire amameta tsitsi lawo okha ndi lezala, anali atakhala pampando wa saluni, thawulo loyera lili m'khosi. Lero linali Lachinayi chabe. Wasaluni anaima kumbuyo kwawo, chipeso m'dzanja limodzi, foni m'dzanja lina. Anakweza maso n'kundipeza pamwamba pa masitepe.

"Amake Kadontho!" anaitana mokoma. "Tsikani mudzapereke moni. Agogo akuti atopa ndi magazini, akufunsa ngati ndili ndi choonera."